Mphepo Imene Ndinapempha ku Chiputula

Chikwatiwireni kwa a Mhango, ndinkati ndikafika kumudzi kwawo kuseri kwa Hewe, apongozi anga aakazi ankanditulutsira mpando. Anzanga okwatiwa pabanjapo ankakhala pamphasa kuseri kwa khitchini, kusenda anyezi ndi kusekana, ine ndili pakhonde pampando wa ndalema umene amakhalira abusa. Ankanditchula kuti amadamu, poti ndine wa ku Dedza ndipo ndimagwira ntchito muofesi ya boma ku Mzuzu. Ndikati ndigwire tsache ankandilanda mwaulemu. Ena angati ndi mwayi, koma ine zinkandiwawa, chifukwa munthu amene samutuma pamudzi ndi mlendo, abereke ana angati.

Ndiye tsiku lina apongozi aja anandiimbira foni okha, osadzera kwa mwana wawo. Anati amva kuti ndimaphika makeke, ndipo Wezi, chitsiriza chawo, akukwatiwa mwezi wa Okutobala. "Keke ya Wezi mupange ndimwe, amadamu," anatero. Imeneyi inali ntchito yoyamba kunditumapo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti kekeyo ikafika ngati yangotuluka kumene m'manja mwanga.

Mdani wa keke ndi dzuwa. Ku Mzuzu sitilidziwa bwino, koma ukangotsika kupita ku Rumphi mwezi umenewo, aisingi wa batala amayamba kulira misozi. Galimoto yathu ndi chigalimoto chakale choyenda m'tchire, chokoka mawilo onse anayi, ndipo eyakoni yake, makina oziziritsa m'kati, inafa tisanaigule. Amuna anga, bambo a Chisomo, anali atatsogola kale pa basi kukathandiza zopha ng'ombe, ndipo anandisiyira mawu oti mnzawo wa kusukulu, a Gondwe, makaniko a ku Chiputula, ndi amene adzatiyendetse. Ndinaganiza zoti a Gondwe omwewo aidzutse eyakoniyo.

Sabata imeneyo ndinali nditadzilamula kuyankhula Chitumbuka chokhachokha, kuti ndikafika ku ukwati lilime likhale litafewa. Choncho ndinalowa pagalaja ndi mawu amene ndinawaloweza njira yonse kuchokera ku Katoto.

"Mwatandala uli, a Gondwe? Nkhukhumba mphepo mu galimoto iyi."

Anatulutsa mutu pansi pa minibasi imene ankakonza. "Mphepo, alamu? Mukuluta nkhu?"

"Ku Hewe, kuseri kula. Ukwati wa Wezi."

"Eeh, msewu ule. Nadi mukufunika mphepo, ndipo yamphamvu." Apa anali atasinthira ku Chichewa chawo chokokera, maso akuwala. "Mwaganiza bwino chomene, alamu. Amuna anu ndakhala ndikuwauza, samva."

Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti Chitumbuka changa chayamba kugwira ntchito.

Mawa lake nditaweruka ndinadzerako kukaona, pakuti ine chinthu chikamakonzedwa ndimafuna ndione m'mimba mwake. Ndinapeza boneti ili yasa. Kompuresa yakale ya eyakoni anali ataichotsa, akuti inauma kalekale, ndipo m'malo mwake anabweretsa ina yaikulu, yamakona, imene anaitola pa chigalimoto chakufa kuseri kwa galaja. Siinkakwana pamalo pa inzakeyo, ndiye anadula zitsulo ziwiri zochindikala, nkuziwotcherera kuti zikhale mpando wake pambali pa injini. Anandionetsa mmene lamba wochokera ku injini adzazungulitsire gudumu la kompuresa, ndi mmene kabatani kakale ka eyakoni kadzaligwiritsire kapena kulisiya. Anatsiramo oyilo pakabowo kam'mbali, nkundiuza kuti mtundu umenewu ndi wabwino chifukwa umasunga oyilo wakewake.

Chimene chinandidabwitsa chinali thanki yakuda, ya mabuleki a lole, imene anaimangirira pansi pa galimoto, ili ndi geji ndi kavalavu kotulutsira mphamvu ikachuluka.

"Nanga iyi ndi ya chiyani?"

"Posungira mphepo. Ngakhale injini mwazimitsa, mphepo muli nayo."

Ndinaona kuti ndi nzeru zapamwamba. Ndinaganiza za keke yanga ikupumidwa kamphepo kayeziyezi ife tikudya ku Rumphi, ndipo ndinawayamika kawiri, yewo chomene, yewo chomene.

Tinanyamuka Lachisanu kukungocha, chifunga chili thoo. Kekeyo inali ya nsanjika zitatu, iliyonse m'katoni yake pampando wakumbuyo, ndipo yapamwamba inali ndi maluwa a shuga amene anandidyera maso sabata yonse. Tinadzera ku Geisha kukatenga ankhazi NyaMhango, mlongo wa malemu apongozi aamuna, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anabwera ndi ndowa, mkoko wa nthochi ndi chipewa cha ukwati m'jumbo. Anakhala kumbuyo, dzanja limodzi pa makatoni ngati akulera mapasa.

Mpaka ku Ekwendeni tinali m'majuzi. Titadutsa Enukweni dzuwa linatipeza, ndipo ankhazi anayamba kudzikupiza ndi chipewa chija. Ndinati nthawi yakwana. Ndinatseka mawindo onse, nkudina kabatani kaja ndi chala chonyada.

Pansi pa boneti panamveka du-du-du-du ngati chigayo cha dizilo. Ndinaika dzanja pa timawindo totulukira mphepo, ndipo munatuluka fumbi pang'ono ndi fungo la mphemvu, lotentha. Ndinadikira. Kenaka pansi pa galimoto panalira tsiii, ankhazi nkukweza miyendo.

"Yadzaza," anatero a Gondwe mokhutira. "Mwaona liwiro lake?"

"Yadzaza chiyani? Nanga kuzizira kuli kuti?"

Anandiyang'ana, nkuyang'ana msewu, nkundiyang'ananso. "Kuzizira kwa vichi, alamu?"

Tinaima pambali pa msewu pafupi ndi Bwengu, ndipo mlandu unazengedwa pomwepo, ankhazi ali woweruza. Ndinabwereza mawu anga a tsiku lija. Ankhazi anandifunsa kuti kwathu chimene timapopera m'tayala timachitcha chiyani. Ndinati mpweya. Anati kuno ndi mphepo. Yowomba m'mitengo ndi mphepo, yozizira m'mwezi wa Juni ndi mphepo, ya m'tayala la njinga ndi mphepo yomweyo. Munthu akapita kwa makaniko nkunena kuti akufuna mphepo pa ulendo wa kumchenga, makanikoyo aganize chiyani?

"Komanso alamu," anawonjezera a Gondwe, "ku Mzuzu ndani anabwerapo pagalaja kudzapempha kuzizira? Kuzizira timangopatsidwa ulele."

Ankhazi anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinatsegula katoni yapamwamba, ndipo aisingi anali atayamba kale kunyezimira ngati chipumi cha munthu wothamanga. Ndinafunsa ngati zingatheke kubwezeretsa. A Gondwe anati mapayipi a eyakoni anawadula, ndipo theka lake lili kale pa galimoto ya munthu wina. M'maganizo ndinaona mpando wa ndalema uja ukundidikira pakhonde mpaka ukalamba wanga.

Anatipulumutsa ndi ankhazi. Anamasula zitenje ziwiri m'chikwama chawo, nkuzinyika pamjigo umene unali pafupi, nkuzifinya pang'ono, nkukulunga makatoni aja. Anati umu ndi mmene ankasungira mkaka kale popita nawo kumsika. Mawindo tinatsegula onse kuti mphepo yeniyeni, ya Mulungu, izidutsa pa nsalu zonyowazo. Ndinaika dzanja pansi pa chitenje patapita kanthawi, ndipo kunalidi kozizirira. Vuto linali loti nzeru imeneyi imagwira galimoto ikamayenda. Ikaima, nsalu imangofunda.

Ndipo tinaima. Pa chipata cha apolisi tisanalowe m'tauni ya Rumphi, thanki ija inasankha nthawi yomweyo kulira tsiii. Wapolisi anabwerera m'mbuyo, nkufunsa chimene tanyamula. A Gondwe sanadikire kufunsidwa kawiri. Anatsika, anatsegula boneti, anatulutsa payipi yaitali yofiira imene ndinali ndisanaione, nkuyamba kuphunzitsa. Wapolisiyo anachita chidwi, ndipo anakumbukira kuti njinga yake yamoto ili ndi tayala lofewa. Linadzaza tisanamalize kuphethira. Akabaza amene anali pamthunzi anaona, ndipo posakhalitsa panali mzere.

Ndivomere kuti nanenso ndinatsika kukaonerera. Ndinkafuna kumvetsa kuti kachinthu kongofanana ndi chitini cha mafuta ophikira kamatenga kuti mphamvu yotere. A Gondwe anandigwiritsa payipi yochokera pa kompuresa, ndipo inali yotentha ngati chogwirira cha poto. Anati mpweya ukaupanikiza umapsa mtima, umakazizirira m'thanki. Ndinali pakati pofunsa funso lina pamene ankhazi anaitana pawindo.

"Anyina Chisomo, mwabwera kusukulu kapena ku ukwati? Zitenje zauma kuno."

Ndinawalanda a Gondwe payipi ija pamaso pa kabaza wina amene anali atagwada kale pa njinga yake. Ndinanyowetsanso zitenje ndi madzi a m'botolo, nkuyesa kuzipemerera ndi mpweya wa m'thanki. Zinazizira msanga kuposa mmene ndinkayembekezera, koma a Gondwe anandichenjeza kuti ndisayandikize kwambiri, mpweyawo umabwera ndi kafungo ka oyilo. Ndinanunkhiza chitenje, ndipo kanalipodi. Kuyambira pamenepo ndinkapemerera chapatali, ndikudzifunsa ngati alendo a ukwati adzadziwe kusiyanitsa vanila ndi galaja.

Titapitirira Bolero tara anatha, ndipo msewu unasanduka malata. Galimoto inkanjenjemera mpaka mano kuwombana. Ndinamva makatoni akudumpha kumbuyo, ankhazi akuwakumbatira ndi kuitana dzina la Yesu motsitsa. Ndinauza a Gondwe kuti achepetse liwiro, koma pang'onopang'ono ndiye zinkanyanya, ndiponso mphepo pa zitenje inkachepa.

Anaimitsa galimoto, nkutenga kamtengo, nkuyamba kutulutsa mpweya m'matayala.

"A Gondwe, mwatani kodi? Ena akupempha mpweya, inu mukutaya?"

"Tayala lolimba limamenya, lofewa limameza. Kale sindikanayerekeza, chifukwa ukatulutsa ubwezera ndi chiyani? Lero tili ndi chitsime chathu."

Anatulutsa mpaka matayala anaphwera pang'ono m'munsi. Titanyamuka, kunjenjemera kuja kunasanduka kugwedezeka kofatsa, ndipo makatoni anakhala phee. Ankhazi anamasula manja, nkusenda nthochi. Ine ndinkawerengera mumtima kuti eyakoni imene ndinkaifuna ija ikanandipatsa keke yozizira bwino koma yophwanyika.

Titasiya msewu waukulu kulowera kumudzi, tinafika pa mtsinje wouma umene bambo a Chisomo amautchula ndi ulemu nthawi zonse. Mlatho wake unapita ndi madzi, ndipo anthu amadutsa pamchenga. Pakati pake panali lole yaing'ono ya matumba a chimanga itatitimira mpaka m'mimba, eni ake atakhala pansi pa mtengo ngati anamfedwa. A Gondwe anatulutsanso mpweya wina, matayala anachita kuphwatalala, ndipo tinadutsa pambali pa loleyo mosavuta, galimoto ikuyandama pamchenga. Anawakuwira eni lole aja kuti nawonso atulutse mpweya, tiwapopera akawoloka.

Kutsidya kunali chitunda cha miyala yakuthwa, chimene tayala lofewa silingakwere osang'ambika. A Gondwe anadina kabatani kaja monyadira. Panamveka kulira ngati kwa mwana wa nkhumba, kenaka phwa, kenaka zii. Geji inali pansi, poti mpweya wa m'thanki ndinali nditaumalizira pa zitenje.

Titatsegula boneti tinapeza lamba ali lende, kompuresa itapendekeka. Malata a msewu aja anali atamasula bawuti limodzi la mpando wake, ndipo linagwera kumene linagwera. Dzuwa linali paliwombo, kopanda ndi kamphepo komwe. A Gondwe anavula kapu nkukanda m'mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analibe chophunzitsa.

Bawuti lina analipeza pomasula mpando umene ndinkakhalira ine. Linali lalitali, ndiye analiwonjezera mawashala. Koma atabweza lamba nkuliza injini, lambayo anavukanso nthawi yomweyo. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Anati gudumu la kompuresa silinayang'anizane bwino ndi la injini, ndipo kugalaja amayezera ndi chitsulo chowongoka chimene anachisiya ku Chiputula. Anayesa ndi kamtengo, koma m'tchire mulibe mtengo wowongoka.

Ndinasuzumira m'katoni yapamwamba. Duwa limodzi linali litagona chammbali, ndipo dzina la Wezi linayamba kutsetsereka, W atatalikirana ndi anzake. Misozi inali pafupi. Ndinatsegula chikwama changa cha zipangizo kuti ndione ngati ndingalikonze, ndipo pamwamba penipeni panali mpeni wanga wautali wosalazira aisingi, wachitsulo, wowongoka ngati rula.

"Uwu sungathandize?"

A Gondwe anautembenuza, nkuuyang'ana ndi diso limodzi. Anaugoneka pa nkhope za magudumu awiri aja, ndipo mpata unaoneka poyera, wokwana chala cha mwana. Iwo ankakankha kompuresa ndi chitsulo chochotsera matayala, ine nditagwira mpeni ndi kunena kuti pang'ono, pang'ononso, bwererani, basi pomwepo. Ntchito yoona ngati chinthu chakhala mowongoka ndimaichita Loweruka lililonse, kungoti sindinaichitepo nditaweramira injini yotentha. Anamanga mabawuti, ine ndikugwira sipanala kunsi, oyilo akuyenderera m'mkono mpaka m'chigongono.

Du-du-du-du. Lamba anakhala. Singano ya geji inayamba kukwera, ndipo ankhazi anaimba kanthungululu kakang'ono ali m'galimoto. Tinapopa matayala athu, ine ndikusinthana ndi a Gondwe chifukwa ndinkafuna kumva mmene tayala limaumira m'manja. Lole ija inali itawoloka potsatira malangizo aja, ndipo sitikanaisiya. Ndinapopa matayala ake awiri ndekha, kwinaku ndikuwauza ankhazi kuti azinyowetsa zitenje ndi madzi amene eni lole anatipatsa. Ulendo wotsalawo ndinakhala pampando wogwedera, ndikugwira chitseko.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pabwalo panali anthu ambiri, koma nkhope zawo sizinali za ukwati. Bambo a Chisomo anandinong'oneza kuti mjigo wa pamudzi unathyoka, madzi akutungidwa kutali, ndipo ngolo imene imanyamula migolo yagona matayala onse awiri. Pampu ya njinga inali itawakanika. Ng'ombe yophedwa inali ikudikira madzi, ndipo amayi awo anali asanakhale pansi chiyambire m'mawa.

Apongozi anabwera akupukuta manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, tsitsi lofiira ndi fumbi, bulauzi ya oyilo, mpaka kumapazi. "Mwenda uli, amadamu?" Kenaka anatuma mdzukulu wawo wamkazi kuti akatenge mpando.

Ndinatsegula makatoni pamaso pawo. Nsanjika ziwiri zam'munsi zinali bwinobwino, zopanda ndi mng'alu womwe. Yapamwamba maluwa ake anali atafota mbali imodzi, ndipo Wezi anali atasanduka ezi. Ndinayamba kupepesa m'Chitumbuka chothyokathyoka, koma ankhazi anandidula. Anaima pakati pa bwalo, chipewa cha ukwati chili kumutu, nkuyamba kufotokoza nkhani yonse, kuyambira pagalaja. Ananditengera mawu anga enieni, nkhukhumba mphepo mu galimoto iyi, ndi kayankhulidwe kanga ka ku Dedza. Anatengera mmene ndinatsekera mawindo, ndi mmene ndinaikira dzanja kudikira kuzizira.

Ndinali ndisanawaonepo apongozi anga akuseka choncho. Anagwira m'chiuno, anakhala pansi pa dothi, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ankandiseka ineyo, pamaso panga, zimene anali asanachitepo zaka zonsezi, ndipo ndinadabwa kuona kuti zikundikomera.

Atapuma anafunsa kuti, "Sono mphepo iyo yili nkhu?"

A Gondwe anali atayamba kale kufutukula payipi yofiira ija, koma ndinawalanda. Tinayandikiza galimoto pa ngolo, ndinagwada, ndinachotsa kachivindikiro, ndipo tayala linadzuka pang'onopang'ono mpaka ngolo inaweramuka. Ndinapita mbali inayo. Ng'ombe zokoka zisanamangidwe nkomwe, migolo inali itakwezedwa kale.

Mdzukulu uja anafika ndi mpando wa ndalema, nkuuika kumbuyo kwanga, ndikadali chogwada. Apongozi anauyang'ana, nkundiyang'ana ine.

"Wezgani mpando uwo, ngwa ŵalendo," anatero, ndipo mtsikanayo anaubweza m'nyumba. Kenaka anatembenukira kwa ine, nkunditcha dzina latsopano la kwawoko, m'Chichewa chimene sayankhula kawirikawiri. "NyaMphepo, keke mukonza mawa kukazizira. Sambani m'manja. Nkhuku zili kuseri uko, sizidzisosola zokha."

Ndinapita kuseri kwa khitchini. Anzanga aja anasendera, nkundisiyira malo pamphasa, ndipo wina anandiponyera nkhuku yonyowa pamiyendo osandifunsa ngati ndimatha.